Za Chikumbukiro cha Makina, ndi Kuiwala Kwache



Tiyamba ndi chisoni chimene chidagwa m'nyumba mwathu momwe, pakuti ndicho chatipatsa nkhani ya mwezi uno. Tidali ndi malume athu, nkhalamba yodziwa mbiri ya mudzi wathu: kumene adachokera makolo, mitsinje imene adaoloka, ndi maina a iwo amene adatsala panjira. Poona ife kuti mphamvu zao zirikutha, tidapangana kuti tiwajambule pa foni alikulankhula, kuti adzukulu adzamve mau ao ndi kuona nkhope yao. Tidagula pa msika kakhadi kaja kolowetsa m'foni, kamene anyamata akatcha memore, ndipo pamsana pache padalembedwa 64 GB. Wogulitsayo adati, "Bambo, umu mulowa mudzi wonse, malo natsalako." Tidayamba taikamo zithunzi ndi kanema wa ukwati wa mwana wa mlongo wathu, ndipo pambuyo pache tidakhala ndi malume madzulo atatu, iwo alikusimba, foni irikujambula. Atamwalira, tidasonkhana kuti tiwamvenso. Maina a zojambula zonse zitatu adaoneka pa foni bwino lomwe, koma chidatseguka ndi choyamba chokha. Ziwiri zinazo zidakana, ndipo zikana kufikira lero.

Kuyambira tsiku lomwelo tidafunsafunsa kwa odziwa, tidawerenganso, kuti timvetse umo makina akumbukirira ndi umo aiwalira. Zimene tidapeza tizilemba pano, chifukwa mabanja ambiri masiku ano aikiza m'foni zinthu zimene makolo athu adazisunga m'sutikesi pansi pa kama.

Makina sadziwa chilembo, sadziwa nkhope, sadziwa nyimbo. Adziwa zinthu ziwiri zokha, ndizo "chiripo" ndi "palibe". Taganizani bawo. Liri ndi mizere 4, ndi maenje 8 pa mzere uli wonse, onse pamodzi 32. Tiyeni tileke malamulo a masewerawo, tipangane kuti dzenje liri lonse likhale ndi kamwala kamodzi kapena likhale lopanda kanthu. Dzenje limodzi lotere akatswiri alitcha bit, nalemba 1 ngati muli kamwala, ndi 0 ngati mulibe. Mzere umodzi wa maenje 8 autcha byte. Mzere umodzi wokhawo mukhoza kuuyala mwa njira 256 zosiyana, ndipo m'chaka cha 1963 anthu a ku America adapangana kuti kuyala kwakuti kutanthauze chilembo chakuti. Kamwala m'dzenje lachiwiri ndi kena m'dzenje lotsiriza, enawo opanda kanthu, ndicho chilembo A. Mukabweza kamwala kotsirizako dzenje limodzi, chasanduka B. Chithunzi achigawa timadontho tambirimbiri, kadontho kali konse ndi manambala ache a kufiira, kubiriwira ndi mtundu wa thambo. Mau a munthu awapima kambirimbiri pa sekondi imodzi, nalemba chipimo chiri chonse ngati nambala. Zonsezo potsiriza pache ndi timiyala m'maenje.

Tsono chikumbukiro cha makina ndicho bawo lalikulu, ndipo funso limene labvuta akatswiri zaka zonsezi ndi limodzi: dzenjelo lipangidwe ndi chiani, kuti kamwala kakhalemo osagwa, komanso kuti kachotseke msanga pamene tifuna kulemba zina? Zofuna ziwirizi zilimbana. Dzenje losaya lifulumira, koma litaya; dzenje lakuya lisunga, koma lichedwa. Chifukwa chache palibe mtundu umodzi wokwanira zonse, ndipo m'foni imodzi mukhala mitundu ingapo.

Pa 21 June 1948, ku sukulu ya ukachenjede ya Manchester ku England, Freddie Williams ndi Tom Kilburn adayendetsa makina oyamba a magetsi amene adasunga malangizo ao m'chikumbukiro chao chomwe. Adawatcha Baby. Timiyala tao tidali timadontho ta magetsi pa galasi la chubu chonga cha wailesi ya kanema yakale ija ya chimimba kumbuyo. Maenje onse adali 1,024, ndiko kunena mabawo 32. Tsopano yerekezani ndi kakhadi koona ka 64 GB. GB imodzi ndiyo mizere 1,000 miliyoni, kotero kuti kakhadiko kali ndi mabawo 16 biliyoni. Anthu pa dziko lonse lapansi adakwana 8 biliyoni m'chaka cha 2022. Munthu ali yense wamoyo akadalandira mabawo awiri kuchokera m'kanthu kochepa ngati chikhadabo cha mwana.

Mukapita kukagula foni, muona pa bokosi manambala awiri, monga 4 GB ndi 64 GB, ndipo ambiri a ife tiyang'ana yaikulu yokha. Manambalawa anena za zikumbukiro ziwiri zosiyana kweni kweni. Amai pophika nsima sathamangira ku nkhokwe pa chipande chiri chonse. Chimanga chambiri chikhala m'nkhokwe, koma ufa wa lero uli m'lichero pambali pa moto, ndipo wothira tsopano lino uli m'dzanja. Nambala yaikulu ija ndiyo nkhokwe. Yaing'ono ndiyo lichero, ndipo dzina lache ndi RAM, mau ofupikitsa a Chingerezi otanthauza kuti dzenje liri lonse lifikika mwachindunji, osayamba wapyola anzache. Chiri chonse chimene foni irikuchita nthawi ino, kaya kuonetsa uthenga, kaya kuyimba nyimbo, iyenera kuyamba yachitapa m'nkhokwe ndi kuchiika m'lichero. Lichero likachepa, foni itaya nchito imodzi kuti ipeze malo a ina, ndipo mukabwerera ku yoyamba ija, muyembekeza kuti ikaitapenso. Ndiko kuchedwa kumene tidandaula nako, tinene kuti foni yakalamba.

Dzenje la RAM ya masiku ano lidachokera m'mutu mwa Robert Dennard, wa kampani ya IBM ku America, amene adaliganiza m'chaka cha 1966, nalandira chikalata cha umwini wa luso lache mu 1968. Pa bit imodzi adaika zinthu ziwiri zokha: kamtsuko kosunga magetsi, kotchedwa capacitor, ndi kachitseko kotsegula ndi kutseka njira yache, kotchedwa transistor. Kamtsuko kodzaza ndiko 1, kopanda kanthu ndiko 0. Popeza zinthuzo nziwiri zokha, zikwana zambirimbiri pa malo ochepa, ndipo mtengo utsika. Mu 1970 kampani ya Intel idayamba kugulitsa kachipangizo ka timitsuko ka maenje 1,024, ofanana ndi a makina a ku Manchester aja amene adadzaza chipinda.

Koma timitsukoto tichucha. Palibe mmisiri adakhoza kutimata kuti tileke. Ukadzaza kamtsuko nukasiya, posachedwa sikadziwika ngati kadali 1 kapena 0. Chifukwa chache muli wanchito m'katimo amene ayendera mizere yonse, napenya kamtsuko kali konse, nadzazanso kamene kadali kodzaza. M'makompyuta ambiri ulendo wonsewo ayenera kuutsiriza pa magawo 64 a magawo 1,000 a sekondi, ndiko kunena pafupifupi ka 16 pa sekondi imodzi, usana ndi usiku, nthawi yonse makinawo ali oyaka. Ife amene tiphunzitsa ana mafunso ndi mayankho pamtima tidaseka pomva ichi, pakuti tichidziwa bwino lomwe: phunziro losabwereza Loweruka, Lamulungu palibe. Tsono magetsi akazima, wanchito uja aima, ndipo pa masekondi owerengeka timitsuko tonse tauma. Mlembi amene adalemba kalata ya masamba atatu pa kompyuta, osaisunga, magetsi nazima, kalata yache idali m'lichero, ndipo palibe mmisiri angathe kuibweza. Komanso kuiwala komweku kuthandiza. Foni ikasokonezeka, nimuizimitsa ndi kuiyatsanso, mwakhuthula lichero ndi zinyalala zache zonse, ndipo iyamba mwatsopano.

Ufa wa m'dzanja uja uliponso. M'kati mwa kachipangizo kowerengera, kamene kali ubongo wa foni, muli kachikumbukiro kochepa kofulumira koposa, kotchedwa cache. Umo bit imodzi isungidwa ndi ma transistor 6 ogwirana ngati anthu olimbana amene palibe agwetsa mnzache. Sikachucha, sikasowa wodzaza, koma nako kaiwala magetsi akachoka, ndipo popeza kadya malo ambiri, aikamo pang'ono pokha.

Kuti muone kusiyana kwa liwiro, tiyeni titalikitse nthawi ya makina ifanane ndi ya anthu. Ngati kutapa mu cache kukadatenga sekondi imodzi, kutapa mu RAM kukadatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Kutapa m'nkhokwe ya foni kukadatenga monga tsiku lathunthu. Ndipo kutapa m'mbale zozungulira za kompyuta zakale, zimene tizitchula pansipa, kukadatenga monga miyezi inai, kuyambira kubzala kufikira chimanga chitakhwima.

Tisananene za nkhokwe, tikambeko za njira zimene akale adayesa, pakuti zina nzodabwitsa. Ku Cambridge, m'chaka cha 1949, makina a Maurice Wilkes otchedwa EDSAC adasunga manambala ao m'mipope yaitali ngati msinkhu wa mnyamata, yodzaza ndi mercury, chitsulo chamadzi chija chonyezimira cha m'zopimira kutentha kwa thupi zakale. Nambala adaisandutsa kugogoda, nakulowetsa ku nsonga imodzi. Kukatulukira ku nsonga inayo, adakukweza mphamvu, nakubweza poyambira, kuzungulira chomwecho kosaleka. Wofuna nambala yakuti adayenera kulinda kufikira itafika pakhomo.

Njira imene idakhalitsa ndiyo ya mikanda. Jay Forrester wa ku sukulu ya MIT ku America, ndi An Wang wochokera ku China, ndiwo atchuka pa luso limeneli, ndipo makina a Whirlwind adalandira chikumbukiro chotere mu 1953. Adaumba timphete ting'onoting'ono ta dothi losanganiza ndi chitsulo, tonga mikanda, natitunga pa mawaya opingasana ngati ukonde, kamphete kamodzi pa mphambano iri yonse. Magetsi akapita m'mawaya awiri okumana pa kamphete, kasanduka maginito oyang'ana mbali imodzi, ndiyo 1, kapena mbali inayo, ndiyo 0. Waya umodzi wokha sukwanira kukatembenuza, kotero kuti timphete tina tonse ta pa mzerewo tikhala chete, katembenuka kokhako ka pa mphambano. Ubwino wache udali wakuti maginito sathawa magetsi akazima. Chobvuta chache chidali chakuti pofuna kudziwa chimene kamphete kasunga, adayenera kukakankhira ku 0 ndi kumvera ngati katembenuka, motero kuwerenga kudafafaniza chowerengedwacho, ndipo makina adayenera kuchilembanso pomwepo. Kutunga mikandayi kudali nchito ya manja, makamaka ya akazi, openya pa magalasi okuza zinthu tsiku lonse. Chikumbukiro ichi chidalamulira kufikira zaka za m'ma 1970, pamene timitsuko ta Dennard tidachilanda malo chifukwa cha kutsika mtengo.

Amai oluka mikeka ndi mphasa amve ichi. Pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin adatera pa mwezi mu July 1969, malangizo a kompyuta ya chombo chao adali olukidwa ndi manja. Akazi a pa fakitale ya Raytheon ku Massachusetts adakhala ndi singano zoboola, napititsa waya m'timphete. Waya ukapyola m'kati mwa kamphete, ndiyo 1. Ukalambalala kunja, ndiyo 0. Chingwe chimodzi chidatenga masabata ambiri, ndipo cholakwa chimodzi chidafuna kumasula ndi kulukanso. M'zingwezo mudali mau a makina 36,864, pamodzi ndi mau 2,048 a m'timphete tolembeka ndi kufafanizika. Chithunzi chimodzi cha foni ya lero sichikadakwanamo. Koma cholukidwa sichichucha, ndipo sichisinthika ndi kuzima kwa magetsi. Chikumbukiro chotere, chowerengeka koma chosalembeka, achitcha ROM. Ogulitsa mafoni ambiri atcha nkhokwe ya foni ROM, koma alakwa dzina, pakuti m'nkhokwemo tilembamo tsiku ndi tsiku.

Za mbale zozungulira tingonena pang'ono. IBM idatulutsa zoyamba mu 1956: mbale 50 zazikulu zopaka chitsulo cha maginito, zosunga zilembo 5 miliyoni, zonse pamodzi zolemera ngati tani imodzi. Zidzukulu zache, zotchedwa hard disk, zikalipo m'makompyuta ena ndi m'nyumba zazikulu zosungira za pa intaneti. M'foni mulibe, chifukwa chinthu chozungulira sichipirira kugwa.

Nkhokwe ya m'foni, ya m'kakhadi ka memore, ndi ya m'fulashi imene ana a sukulu aimanga pa makiyi, zonsezo ndi mtundu umodzi, wotchedwa flash. Adaupanga ndi Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan, amene adaonetsa mtundu woyamba mu 1984, ndi wachiwiri, umene uli m'manja mwathu lero, mu 1987. Dzinalo adalipereka ndi mnzache wa pa nchito, Shoji Ariizumi, poona kuti kufafaniza kwache kuchitika kamodzi n'kamodzi ngati kung'anima kwa kamera. Dzenje la flash ndilo kachipinda kopanda khomo, kozingidwa ponse ponse ndi khoma losapitika magetsi. Polemba, makina akankha tinthu tating'onoting'ono ta magetsi, totchedwa ma electron, ndi mphamvu yaikulu kufikira titapyola khomalo, ndipo tikalowa tisowa potulukira. Mukachotsa batire, tikhalabe momwemo. Ndicho chifukwa chache zithunzi zanu muzipeza m'mawa ngakhale foni idagona yopanda moto.

Apa ndipo pamene ambiri a ife tinyengeka, tiyesa kuti chimene sichithawa usiku umodzi sichidzathawa konse. Khoma lija lipweteka nthawi iri yonse ma electron alipyola. Komanso flash safafaniza dzenje limodzi palokha ai; afafaniza chigawo chonse cha maenje ambirimbiri, kotero kuti kusintha kanthu kochepa kutopetsa makoma ambiri. Pamene kachipinda kamodzi kadasunga bit imodzi, kadapirira kulembedwa ndi kufafanizidwa monga ka 100,000. Koma pofuna kutsitsa mtengo, opanga adaphunzira kuika ma bit atatu kapena anai m'kachipinda kamodzi. Achita ichi popima kuchuluka kwa ma electron: pa ma bit atatu pafunika miyeso 8 yosiyana, pa anai miyeso 16. Nkwapafupi kudziwa mtsuko wodzaza ndi wopanda kanthu, ngakhale utataya pang'ono. Koma ukati usiyanitse miyeso 16 m'mtsuko umodzi, madontho ochepa okha akatayika wawerenga nambala yolakwa. Tizipinda totere tipirira zikwi zowerengeka, tina ngakhale chikwi chimodzi chokha.

Ndipo ngakhale osalembamo kanthu, ma electron azemba pang'ono pang'ono, makamaka khoma likakhala lotopa, ndipo kutentha kuwafulumiza. Bungwe loika miyeso ya zipangizozi, lotchedwa JEDEC, lidalamula kuti chosungira cha flash cha m'kompyuta ya munthu wamba, chimene chafika pa malire a moyo wache, chisunge zolembedwa chaka chimodzi chopanda magetsi pa kutentha kwa madigiri 30. Chatsopano chisunga nthawi yaitali koposa pamenepo. Koma inu mudziwa umo nyumba ya malata itenthera mwezi wa October, ndipo kakhadi kotsika mtengo kotsomeka pa denga kapena koiwalika pa zenera sikalonjeza kanthu.

M'kakhadi kali konse muli kapitao, kachipangizo kena kochepa, amene nchito yache ndiyo kugawa zolemba kuti tizipinda tonse titope mofanana, kukonza manambala olakwa pang'ono, ndi kusunga kaundula wa kumene chinthu chiri chonse chiri. Foni siona tizipindato ndi maso ache; ifunsa kapitao, nikhulupirira chimene ayankha. Pamenepo ndipo padagona tsoka lathu. Mnyamata wina wodziwa makompyuta, atapima kakhadi kathu, adatiuza nati, "Aphunzitsi, aka n'ka 8 GB, koma kapitao wache adamphunzitsa kunena kuti n'ka 64." Anthu osaona mtima atenga timakhadi tating'ono, nasintha mau a kapitao, nasindikiza nambala yaikulu pamsana. Masiku oyamba zonse ziyenda bwino, chifukwa malo oona akalipo. Akatha, kapitao apitiriza kubvomera ndi kulemba maina m'kaundula, koma zinthuzo azitaya, kapena azilemba pamwamba pa zakale naononga zonse ziwiri. Kwa ife, ukwati ndi madzulo oyamba a malume zidadzaza malo oonawo. Madzulo achiwiri ndi achitatu sadalembedwe pena pali ponse.

Pali kuperewera kwina kumene sikuli bodza, ndipo musakangane nako ndi wogulitsa. Kakhadi koona ka 64 GB, mukakaika m'kompyuta zambiri, kaoneka ngati 59 ndi kanthu. Chifukwa chache nchakuti opanga awerenga chikwi ngati 1,000, pamene makina ena awerenga ngati 1,024, ndipo kusiyanako kukachulukitsidwa katatu kukula. Ka 32 GB kaoneka ngati 29 ndi kanthu. M'foni yatsopano muperewera koposa, chifukwa malangizo oyendetsa foniyo adya gawo lao la nkhokwe musanaikemo kanthu. Chinanso chimene tiona pa mabokosi masiku ano ndicho RAM yolembedwa ndi mtanda wa kuonkhetsa, monga 4+4. Nambala yachiwiriyo si lichero lina ai. Ndi ngodya ya nkhokwe imene foni yabwereka, ndipo iyenda pa liwiro la nkhokwe.

Kuyesa kakhadi sikufuna sukulu. Musanaikemo chinthu cha mtengo, kadzazeni kufikira pakamwa ndi makanema opanda nchito, ndipo mutsegule oyamba, apakati ndi otsiriza. Ngati onse aonetsa kufikira kumapeto, kapitao anena zoona. Kutero kutenga madzulo amodzi ndi batire yodzaza. Mtengo wotsika kwambiri pa nambala yaikulu ukhale chenjezo kwa inu, pakuti flash agulitsidwa pa mtengo wofanana pafupifupi dziko lonse, ndipo wa pa msika wathu sangapeze potsika kuposa onse.

Kaundula uja atiphunzitsanso za kufafaniza. Mukafafaniza chithunzi pa kakhadi, kawiri kawiri chichoka ndi dzina lokha m'kaundula, ndipo malo ache alembedwa kuti ngopanda mwini. Timiyalato tikhalabe m'maenje kufikira chinthu china chitalembedwa pamwamba. Tsono mwana akafafaniza mwangozi zithunzi za ubatizo kapena kaundula wa banki m'khonde, chotsani kakhadiko nthawi yomweyo, musajambulenso kanthu, mupite nako kwa wodziwa, kambiri zibwera. Koma mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi iyi: pogulitsa foni, kapena poisiya kwa okonza, kakhadi katsale m'thumba mwanu, chifukwa zimene muyesa kuti mudafafaniza wina akhoza kuziukitsa, ndipo mabanja ena achita nazo manyazi.

Ena adzati, kodi si kwabwino kutumiza zonse ku intaneti, kumene anyamata akutcha kumtambo? Nkwabwino ndithu ngati malo achiwiri. Koma kumtamboko kulibe mtambo. Ndi nyumba zazikulu m'maiko ena, zodzaza ndi mbale zozungulira ndi flash zonga zomwezi, zimene eni ache azikopera kawiri katatu ndi kusintha zotopa. Kukafikako kufuna ndalama ya intaneti, ndiponso kufuna mau achinsinsi, amene nthawi zambiri awadziwa ndi munthu mmodzi m'banja. Tidziwa nyumba zimene mwini foni adamwalira ndi mau achinsinsiwo. Pakuti palibe chosungira chimodzi chokhulupirika chokha, ife tasankha kuti chinthu cha mtengo chikhale malo awiri kapena atatu osagona m'nyumba imodzi, ndi kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu tichikopere ku kakhadi katsopano, kuti tizipinda tidzazidwenso. Zithunzi zisanu kapena khumi zopambana zitsukidwe pa pepala. Buku la ubatizo m'mene mudalembedwa dzina la agogo athu liwerengeka lero lomwe, ngakhale chiswe chidalawa ngodya zache, ndipo silifunsa batire.

Chojambula choyamba cha malume chatsala. Akhala pa mpando wao wa ndalema, asimba kuchokera kwa makolo kufikira pamene adaoloka mtsinje wachiwiri, ndipo potsiriza pache amveka alikunena kuti, "Zimitsa, mwana wa mlongo wanga, ndatopa, za amene adamanga mudzi uno ndidzanena mawa." Tachikopera m'foni ya mwana wathu wamkulu ndi m'fulashi imene iri kwa mbale wathu ku tauni, ndipo maina onse amene adatchula tawalemba m'kope ndi inki. Azakhali athu, mlongo wao wa malume, akalipo, ngakhale makutu alema, ndipo abvomera kuti zina za madzulo awiri otayikawo azikumbukira. Tipita kwa iwo Loweruka likudzali, ndi kakhadi kamene takadzaza ndi kukayesa kale, ndi kope lomwelo.